Kupalasa njinga m'chigwa cha Henga mpaka kukakwera Gorodi

Amene akufuna kuyesa mphamvu za miyendo yake ndimamuuza kuti ayambire pa Mzuzu, atsate msewu wa M1 kudzera m'chigwa cha Henga, akafike ku Livingstonia pokwera msewu wa Gorodi. Koma musauthamangire. Ulendo umenewu ndi wa masiku atatu, ndipo wofuna kuumaliza tsiku limodzi amangoona phula basi.

Pitani pakati pa Meyi ndi Ogasiti, mvula itatha, kutentha kwa Okutobala kusanafike. Njinga ikhale ya magiya. Musanachoke, makaniko aone mabuleki onse awiri ndi tcheni, ndipo m'chikwama mukhale pampu, machubu awiri, zigamba ndi guluu, komanso mabuleki ena osinthira. Madzi tengani oposa amene mukuganiza kuti mumwa.

Tsiku loyamba ndi lofewa. Pa Ekwendeni, makilomita pafupifupi 20 kuchokera mu Mzuzu, imani muone tchalitchi chakale cha njerwa pa mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1889 pakati pa Angoni. Mukadutsa Enukweni n'kufika pa Bwengu, khoterani kumanzere mukagone ku Rumphi. Njirayo imadutsa pa Njakwa, pamene mtsinje wa South Rukuru umapanikizika pakati pa mapiri a miyala. Tsikani panjinga pamenepo, muyang'ane madziwo kaye.

M'mawa mwake bwererani pa M1. Apa ndiye chigwa chenicheni: minda ya fodya ndi chimanga, mapiri a Nyika kumanzere, a Viphya kumanja, mtsinje ukuoneka n'kubisalanso. Kuno ndi kwa Atumbuka, choncho "monire" ndi "yewo" zisachoke pakamwa panu. Mukapitirira Phwezi, funsani za mlatho wa ku Kandewe. Ndi wa nsungwi, wolendewera pamwamba pa Rukuru, ndipo eni mudzi amati unamangidwa koyamba mu 1904 ndipo akhala akuukonza okha mpaka lero. Siyani njinga kutsidya kuno, muwoloke wapansi. Umagwedezeka ndithu. Kandalama kamene angakupempheni perekani ndi mtima wonse, pakuti kusunga chinthu chotere ndi ntchito.

Malo amene ndimaopa pa ulendo wonsewu si chitunda ayi, ndi mtsetse wa Chiweta. Mukangodutsa dera la migodi ya malasha ya Mchenga, msewu umagwera kunyanja mokhotakhota, ndipo mumagawana njira ndi malole a malasha komanso magalimoto a mafuta ochokera ku Tanzania. Musafinye mabuleki osalekeza, chifukwa amatentha n'kusiya kugwira. Finyani, tayani, finyaninso, ndipo liwiro lichepe musanalowe pakona, osati muli kale m'katimo. Mukamva lole kumbuyo, patukani idutse. Nyanja ikayamba kuoneka m'munsimo maso amakopeka. Pezani pabwino poima, muione mutatsika. Anyani a pamenepo musawaonetse chakudya. Mukagone pa Chitimba, mudye nsima ya kondowole ndi nsomba, mupumule mokwanira.

Tsiku lachitatu nyamukani kusanache bwino. Msewu wa Gorodi ndi wa makilomita pafupifupi 15, wa miyala ndi dothi, wa makona akuthwa okwana 20, ndipo umakukwezani mamita oposa 700 kuchokera kunyanja. Ikani giya yopepuka kuyambira pansi pomwe. Khalani pampando, chifukwa mukaimirira tayala lakumbuyo limaterereka pamiyala. Pakona iliyonse mverani kaye ngati kukubwera galimoto kapena njinga yamoto. Pomwe pakanika, kankhani, ambiri amatero.

Musanafike pamwamba penipeni pali mathithi a Manchewe, otalika mamita pafupifupi 125. Kuseri kwa madziwo kuli phanga limene anthu ankabisalamo m'nthawi ya nkhondo ndi ukapolo. Pezani mnyamata wa kumeneko akulondolereni, njira yake ndi yoterera.

Pamwamba pa Khondowe, pomwe pali Livingstonia, ndi pamene mmishonale Dr Robert Laws anadzakhazika mishoni mu 1894, malungo atawasautsa ku Cape Maclear ndi ku Bandawe. Nyumba yake ya miyala, Stone House ya mu 1903, tsopano muli zinthu zakale zoonetsa alendo. Lowaninso m'tchalitchi muone zenera lojambulidwa David Livingstone. Ine chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha mu 1959, nthawi ya chipwirikiti cha ndale: boma la atsamunda litafunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kusamutsidwa, iwo pamodzi ndi anzawo akuda anayala miyala pakapinga yolemba Aefeso 2:14 kuti a m'ndege awerenge, ndipo sanachoke.

Potsika Gorodi ikani mabuleki atsopano aja, muchepetseko mpweya pang'ono m'matayala, ndipo musayambe kutsika dzuwa litapendeka.