Momwe mungasankhire njinga ya maulendo aatali yosavuta kunyamula

Musanafunse kuti njinga yakapalasa ikulemera bwanji, dzifunseni kuti paulendowo mudzainyamula kangati. Pamsewu wopanda zitunda, kilogalamu imodzi simungaimve n'komwe. Mumaimva poikweza pamasitepe a malo ogona, kapena sitima itatsala pang'ono kunyamuka, njinga ili paphewa, zikwama zikadali pansi.

Yambani ndi sikelo. Unjikani zonse zimene mudzatenge: tenti, zovala, zipangizo zokonzera njinga, ndi madzi, pokumbukira kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu yathunthu. Si zachilendo katunduyu kulemera kuposa njinga yeniyeniyo. Mukasiya zinthu ziwiri zitatu zosafunikira, mwapepukitsa kale ulendo musanatulutse ndalama.

Kenako onani felemu. Njinga zambiri zamaulendo za felemu yachitsulo zimalemera pakati pa makilogalamu 13 ndi 15. Ya aluminiyamu imapepukako, ya kaboni ndiye kupepuka kwake n'kodabwitsa, koma ikang'aluka muli kutali, palibe wowotcherera amene angakuthandizeni. Ine mtima wanga uli pa chitsulo chifukwa cha chomwecho: chimawotchereka, ndipo chimapirira kugundidwagundidwa pokweza ndi potsitsa m'galimoto.

Pa mawilo pokha musachite dyera ndi kupepuka. Wilo lakumbuyo ndi limene limasenza inu ndi katundu yemwe, choncho likhale la masipoko 36, kapena 32 ngati katundu wanu ndi wochepa. Sipoko imodzi ikaduka, limu imapindika n'kuyamba kukhula mabuleki, ndipo masipoko enanso amatsatira kuduka. Keliyala ikhale yomangira ndi mabawuti pafelemu. Zambiri zimalembedwa malire a makilogalamu 25. Kolekani chikwama, ikani phazi papedulo, zungulizani. Chidendene chikagunda chikwama, njingayo ndi yaifupi kumbuyo, ndipo zimenezi zidzakutopetsani tsiku lonse. Magiya akhale ndi lopepuka kwambiri lokwerera mapiri muli ndi katundu.

Tsopano nkhani ya kunyamula. Makampani ambiri a ndege amalola chikwama cha makilogalamu 23, chimene mulitali, mulifupi ndi msinkhu wake pamodzi sizipitirira masentimita 158. Njinga wamba singakwane m'malire amenewa, ndiye funsani kampaniyo malamulo ake musanagule tikiti. Ngati muzikwera ndege, basi kapena sitima pafupipafupi, ganizirani njinga yopinda. Brompton, yopangidwa ku London, ili ndi mawilo a mainchesi 16 ndipo ikapindidwa mumalowa nayo m'chipinda ngati chikwama. Bike Friday ya ku Oregon ku America, ya mawilo a mainchesi 20, imalowa m'sutikesi. Dziwani chabe kuti timawilo tating'ono sitigwirizana ndi mchenga ndi maenje. Amene safuna kutaya mawilo aakulu angasankhe felemu yokhala ndi zolumikizira zotchedwa S&S, imene imagawika pawiri, ngakhale kuti kuimasula ndi kuimanganso kumadya nthawi.

Musalipire musanaiyese. Pitani ndi zikwama zanu zodzaza, zimangeni, palasani mpaka mupeze kachitunda. Imirirani pamapedulo mumve ngati felemu ikugwedezeka. Mukabwerera, chotsani zikwamazo, ikani njinga paphewa, mukwere nayo masitepe khumi. Ngati ndi yopinda, ipindeni nokha kawiri, wogulitsa asakugwirireni.