Asodzi, yezaninso njira ya boti pamathiriro

Mwezi uno wa Okutobala ndapeza maboti angapo atakakamira pamchenga pomwe Shire amathira m'nyanja ya Malombe, ena pulopela itapindika. Ukafunsa woyendetsa, yankho ndi lomwelija: "Timadutsa pompano chaka ndi chaka." Zoona mumadutsa, koma mchenga wa pamathiriro sukhala malo amodzi.

Madzi a mtsinje akafika m'nyanja amachepa liwiro, ndipo mchenga ndi matope zomwe ananyamula zimatsika pansi pompo. Mitsinje ing'onoing'ono yochokera kumapiri komwe mitengo inatha ndiye imabwera ndi dothi la m'minda lenileni. Chiyambire mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndi kukwera kwa nyanja ya Malawi mu 2024 komwe kunamiza nyumba ndi malo ogona alendo kuno ku Mangochi, pansi pa madzi pasintha kwambiri. Mwera nawo ukawomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti umakokolola mchenga womwewo n'kukauunjika pena.

Chomwe chimanditopetsa ndi ichi: munthu anayeza ndi nkhafi mu Epulo, nyanja itadzaza, ndiye akudalirabe muyeso womwewo lero. Pofika Novembala madzi amakhala atatsika pafupifupi mita yathunthu, komanso zimatengera mmene atsegulira zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde. Pomwe boti linkadutsa osakhudza pansi mu Epulo, lero ana akusambapo madzi ali m'mawondo.

Ndipo si pulopela yokha. Injini ikavundula posaya imayamwa mchenga pamodzi ndi madzi oiziziritsa, kapampu kake n'kutha, injini n'kutentha. Boti lodzaza kambuzi likakhala pamenepo maola awiri dzuwa lili pamutu, ogula pagombe amakupatsani mtengo wachipongwe. Khoka nalo limang'ambikira pa zitsa ndi bango zomwe zinamira madzi atakwera.

Mkulu wina ndinam'peza atavula malaya, akukankha boti ndi anyamata ake. Nditamulangiza zoyeza kuya kwa madzi ndi chingwe, anandiuza kuti, "Alangizi, ine njira iyi anandionetsa ndi malemu bambo anga, palibe chingwe chingandiphunzitse." Ndinangomupempha nsungwi yomwe inali m'botimo, n'kuizika mbali ya kumanja, mapazi khumi okha kuchokera pomwe anakakamira. Inalowa yonse mpaka dzanja langa kunyowa. Anaseka n'kunena kuti mtsinjewo wasamuka osatsanzika.

Tsono chitani izi, sizifuna ndalama. Tengani chingwe, mangani mfundo theka la mita lililonse, kunsonga mumange chitsulo chophwatalala kuti chisamire m'matope. Yezani boti litaima, chingwe chili chilili; chikapendekeka ndi madzi oyenda chimakunamizani kuti ndi pakuya. Dulani mtsinje mopingasa, lembani m'kope muyeso, tsiku, ndi mtengo kapena nyumba yomwe mwayang'anizana nayo, kapena sungani malowo pa GPS ya foni. Zikani mtengo wolembedwa pagombe kuti muziona mmene madzi atsikira, n'kumachotsera pa miyeso yanu. Amene muli ndi makina aja oyeza kuya ndi mawu, ayerekezeni kaye ndi chingwe, chifukwa udzu wa pansi umawasokoneza. Kopelo lizikhala kwa a komiti ya pagombe, ndipo mvula ikangotha mubwerezenso.