Tikukangana za amene wasokoneza nyengo, mapesi akupsa

Utsi wayamba kale. Aliyense woyenda m'misewu ya kumudzi madzulo ano akuona minda yakuda bii, milu ya phulusa pomwe panali mapesi, ndi ana ali pikitipikiti ndi makasu kukumba mauna a mbewa moto ukangodutsa. Chaka chino kutentha mapesi kwafika ngakhale m'midzi yomwe ili ndi makalabu a ulimi wa mleranthaka, momwe anthu anaphunzira kale za kuphimbira nthaka ndi mapesi ndipo ena anaonapo phindu lake ndi maso awo. Chopweteka n'chakuti amene akuyatsa motowo ndi omwenso amakhala patsogolo pamaliro, pachigayo ndi pamsonkhano wa amfumu kukangana kuti kodi wasokoneza nyengo ndani.

Mkanganowo mumaudziwa. Ena amati ndi Mulungu, ano ndi masiku otsiriza, munthu sangachitepo kanthu. Ena amaloza phiri lomwe owotcha makala analimeta mpala. Achinyamata omvera wailesi ndi owerenga pa Facebook amati ndi utsi wa mafakitale a ku Ulaya, ku America ndi ku China. Ndiye pali aja oti mvula ikangodula sabata ziwiri amayamba kuyang'ana khomo la agogo ena, kapena la munthu amene waumba njerwa, ati ndi amene wamanga mvula. Awa ndiwakumbutse msanga kuti lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo palibe gogo amene ali ndi chingwe chomangira mitambo.

Funsoli lili ndi yankho lake. Gulu la akatswiri a zanyengo la IPCC, lomwe lili pansi pa bungwe la United Nations, linanena mosapita m'mbali mu lipoti lake la 2021 kuti zochita za anthu ndizo zatenthetsa dziko lapansi, ndi madigiri pafupifupi 1.1 poyerekeza ndi zaka za pakati pa 1850 ndi 1900. Gwero lalikulu ndi kuwotcha malasha, mafuta a galimoto ndi gasi, kenako kugwetsa nkhalango. Mpweya wa carbon dioxide unali pa magawo pafupifupi 280 pa miliyoni iliyonse mafakitale asanachuluke, lero wadutsa 420. Africa yense amatulutsa gawo losafika 5 pa 100 la mpweya wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi, ndipo la Malawi ndi kadontho chabe. El Niño, yemwe anatipsereza mbewu mu 2015/16 ndi mu 2023/24 mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28 mu Malichi 2024, ndi wachilengedwe, amabwera madzi a nyanja ya Pacific akatentha, ndipo analipo kuyambira kale. Chasintha n'chakuti masiku ano akumapeza dziko lotentha kale, choncho ng'amba yake ikumaluma kwambiri, ndipo mvula ikabwera ikumabwera yaukali monga tinaonera ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Koma taonani komwe mayankho onsewa akuthera. Wonena kuti ndi Mulungu amati nanga ine ndingatani, n'kuyatsa machesi. Wonena kuti ndi mayiko olemera amati atilipire iwowo, n'kuyatsanso machesi. Ndinene zoona, utsi wa mapesi a pa ekala yanu sungasunthe nyengo ya dziko lapansi, ndipo amene angakuuzeni kuti mvula yathawa chifukwa cha moto wa m'munda mwanu akukokomeza. Chimene motowo umalamula ndi ichi: mvula ikadzadula mu Januwale kapena mu Febuluwale, chimanga chanu chidzapirira masiku angati chisanapinde masamba. Pamenepo palibe wa ku China amene akukhudzidwa. Ndi dzanja lanu.

Tiwerengere madzi. Mvula ya milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Mvula yabwino yobzalira, ya mamilimita 25, imagwetsa malita 250,000 pa hekitala, kapena kuti malita pafupifupi 100,000 pa ekala, omwe ndi migolo 500 ya malita 200. Madzi onsewo amagwa m'munda mwanu ulele. Funso n'lakuti olowa pansi ndi angati. Panthaka yotenthedwa, yopanda chofunda, dontho la mvula limamenya dothi mwachindunji n'kuliphwanya kukhala fumbi losalala. Fumbilo limatseka timibowo ta nthaka, ndipo dzuwa likawala pamwamba pamauma gwa ngati nkhoko za mumphika wa nsima. Mvula yachiwiri ikabwera madzi amangoyenderera, kutsata khwawa, atanyamula dothi la pamwamba lomwe ndi lachondelo. Amene akukayika atunge madzi ndowa ziwiri, ina athire pomwe patenthedwa, ina pomwe pagonekedwa mapesi. Mawa lake masana akumbe ndi chala malo onse awiri. Pamapesi apeza chinyontho ndi kuzizira, palupsa apeza dothi louma lotentha dzanja.

Kutentha kwa nthakako anthu amakupeputsa. Dothi lamtunda masana a mu Okutobala ndi Novembala limaotcha phazi, mumadziwa nonse. Mbewu yomwe yangomera mizu yake imakhala m'dothi la pamwamba lomwelo. Mapesi ogonekedwa amatchinga dzuwa, amachepetsa madzi ouluka, ndipo amafooketsa udzu womwe umalimbirana chinyontho ndi chimanga. Kusiyana kwake sikuoneka chaka cha mvula yabwino, n'chifukwa chake ambiri amati kuphimbira n'kutaya nthawi. Kumaoneka chaka cha ng'amba, chimanga chikamamasula ngaiyaye ndi kutulutsa ndevu, nthawi yomwe sabata imodzi yopanda chinyontho imatha kudula zokolola pakati.

Ndiye pali feteleza amene mukutentha. Munda wotulutsa matumba 40 a chimanga a makilogalamu 50 pa hekitala umasiyanso mapesi olemera pafupifupi chimodzimodzi, matani awiri. M'mapesi amenewo muli nayitirojeni wofanana ndi pafupifupi theka la thumba la urea, komanso salufa, yemwe timamulipira ndalama m'thumba la feteleza wokulitsa uja wolembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn. Moto ukadutsa, nayitirojeni ndi salufa ambiri amapita ndi utsi. Otsutsa amati phulusa ndi manyowa. Inde, muli potashi pang'ono, koma phulusa la mu Seputembala silidikira chimanga cha mu Disembala. Kamvuluvulu amaliulutsa, lotsala chizimalupsa n'kulikokolola. Munthu yemweyo amene wagona pamzere masiku atatu kufuna thumba la feteleza wotsika mtengo ndi amene watentha theka la thumba ndi kamtengo kamodzi ka machesi, ndipo amachita zimenezi chaka ndi chaka. Chachikulu kuposa mcherewo ndi chakudya cha nyongolotsi ndi tizilombo tina ta m'nthaka. Mapesi akamaola ndiwo amadetsa dothi, kulifewetsa kuti lizisunga madzi ngati chinkhupule. Nthaka yotenthedwa zaka khumi zotsatizana imayera mbuu, imalimba, feteleza sagwiranso bwino, kaufiti n'kuyamba kufiira munda wonse. Zikatero timva kuti nyengo yasintha.

Zifukwa zomwe anthu amapereka potentha zakhala zomwezomwezo kuyambira kalekale, ndipo zafika potopetsa. Ati munda uoneke waukhondo. Waukhondo kuti aone ndani? Chimanga sichidya ukhondo. Ati mapesi amavuta popanga mizere. Pa mleranthaka mizere simupanganso chaka chilichonse, mumabzala pamalo omwewo potsata chingwe. Ati timapha mbozi za ntchemberezandonda. Ayi ndithu. Mbozi imeneyi, yomwe inafika kuno m'nyengo ya 2016/17, sigona m'mapesi ouma kudikira dzinja. Imaswanirana m'chimanga chachiwisi cha kudimba ndi m'maudzu, ndipo agulugufe ake amauluka mtunda wautali usiku. Mutatentha mudzi wonse ibwerabe. Ati mapesi amaitana chiswe. Chiswe chilimo kale m'mundamo. Chikapeza mapesi ouma pansi chimatanganidwa nawo, n'kumaboola nthaka njira zomwe madzi amalowera. M'munda wosesedwa ndi moto chakudya chokha chotsala ndi chimanga chanu choimiriracho, makamaka chikafooka ndi ng'amba.

Chifukwa chimodzi chokha ndicho chili ndi mutu. Kapuchi, mbozi yoboola phesi la chimanga, amagonadi m'mapesi, ndipo matenda ena a masamba a chimanga amatsalira m'zinyalala za chaka chatha. Mankhwala ake ndi kasinthasintha wa mbewu: pomwe pagona mapesi a chimanga bzalanipo mtedza, soya, nyemba kapena nandolo, chimanga chipite pomwe panali mbewu za mtundu wa nyemba. Kugoneka mapesi pansi padzuwa msanga mukangokolola, m'malo mowasiya ali chiimire kapena paphaka, kumaphanso kapuchi wambiri. Munda womwe wagwidwa kwambiri ndi matenda, itanani mlangizi adzauone musanaganize za moto.

Mayi wina wamasiye wa kuchigwa, wolima theka la ekala lochita malire ndi munda wa mlamu wake, anafotokoza pamsonkhano wa kalabu zomwe zinamuonekera m'ng'amba ya 2024. Mbewu anagula sitolo imodzi ndi mlamuyo, kubzala tsiku limodzi. Iye anali atagoneka mapesi zaka zitatu zotsatizana, mlamuyo ankatentha. Mvula itadula, chimanga cha mlamu chinapinda masamba ngati anyezi, cha mayiyo chili chobiriwirabe, malire akuoneka ngati wajambula ndi chingwe. Sanakolole zambiri, chakacho chinali choipa kwa aliyense, koma anapeza ufa wofika nawo miyezi ingapo pomwe mnzake anatuluka ndi madengu awiri. Mudzi unati chiyani? Unati mayiyo amakawa, ali ndi mankhwala okokera chimanga cha anzake. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anawerama kufukula pansi pa mapesi kuti aone chinyontho. Chaka chotsatira anyamata osaka mbewa anamutenthera munda wonse usiku, ndipo mlanduwo unathera m'malere.

Apa ndi pomwe mafumu athu akutigwiritsa mwala. Mlimi mmodzi sangasunge mapesi m'mudzi momwe moto wa osaka mbewa uli ndi ufulu, ndiponso momwe mbuzi ndi ng'ombe zimamasulidwa kulowa m'munda wa aliyense anthu akangokolola. Midzi yomwe kuphimbira kwakhazikika ndi ija yomwe amfumu ndi anthu awo anagwirizana malamulo akuti woyatsa moto m'munda wa mnzake alipire chindapusa, ndipo chindapusacho chimalipidwadi. Nthawi yomwe timathera pabwalo kufufuza amene wamanga mvula ikanakwana kukhazikitsa lamulo limeneli kangapo.

Chenjezo limodzi kwa oyamba kumene, poti ambiri amagwa ulesi chaka choyamba. Chimanga chobzalidwa m'mapesi ambiri chimatha kuoneka chachikasu masabata oyambirira. Tizilombo toolesa mapesi timabwereka nayitirojeni wa m'nthaka kuti tigwire ntchito yake, ndipo timadzabweza pambuyo. Musachedwe ndi feteleza wokulitsa, thirani pobzala kapena chikangomera, wobereketsa pakatha masiku 21, ndipo muziboola dothi n'kukwirira, osamwaza pamwamba pa mapesi. Mapesi musawakwirire m'mizere mvula itayandikira, chikasucho chimanyanya.

Tsono amene simunatenthe, gonekani mapesi mopingasa kutsetsereka kwa munda, aphimbe gawo limodzi mwa magawo atatu a nthaka kapena kuposerapo. Ngati ndi ochepa, ndi bwino kuphimbira kachigawo kamodzi mokwanira kusiyana ndi kumwaza munda wonse mwapatalipatali. Lambulani m'mbali mwa munda mamita awiri kapena atatu kuti moto wochokera kutchire usalumphire. Pobzala patulani mapesi pang'ono paphando, masentimita 75 pakati pa mizere, 25 pakati pa mapando, mbewu imodzi paphando.

Amene mwatentha kale, phulusa silibwerera kukhala phesi. Tutani masamba a mitengo, makoko a mtedza ndi nandolo, kapena udzu womwe ulibe njere, muphimbire ngakhale kota ya ekala. Kotsalako pangani ngonyeka, timizere topingasa totchinga madzi, m'makwawa a mizere, pa mamita awiri kapena atatu aliwonse, zofupikirapo kuposa mzerewo kuti madzi akadzaza azisefukira m'khwawa momwemo osadula mzere. M'dothi la makande losunga madzi ndi m'madambo ngonyeka musaike. Musathamangire kubzala ndi chizimalupsa, dikirani mvula yonyowetsa nthaka kuya kwa chikhatho chonse, ndipo mverani ulosi wa nthambi yoona zanyengo pawailesi kapena kwa mlangizi wa dera lanu musanatsegule paketi ya mbewu.