Musadikire mwana athe msinkhu kuti muyambe kumulangiza

Ndandanda za maphunziro a achinyamata zimene mipingo yambiri yakonza zili ndi cholakwika chimodzimodzi: phunziro la thupi ndi zibwenzi laikidwa m'kalasi ya a zaka 14 kapena 15, ndipo lapatsidwa tsiku limodzi lokha. Ana a Sande sukulu alumphidwa, ati akadali aang'ono.

Aang'ono bwanji? Mtsikana amayamba kusintha thupi ali pakati pa zaka 8 ndi 13, mnyamata pakati pa 9 ndi 14. Mabere akayamba kuphuka, msambo woyamba umabwera pakatha zaka ziwiri kapena zitatu. Mukamuitana mwana ali ndi zaka 15, mukumuuza zimene anazimva kalekale kwa anzake ndi pa foni, ndipo anazimva zokhotakhota. China chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti dzira limatha kukhwima msambo woyamba usanaoneke, kotero mtsikana angathe kutenga mimba asanasambepo n'komwe.

Chopweteka kwambiri ndi nkhanza. Ana ambiri ogwiriridwa amachitidwa zimenezi ndi munthu womudziwa: wachibale, mnansi, ngakhale wotsogolera kwaya amene tonse timam'khulupirira. Mwana amene sanauzidwepo kuti palibe woyenera kum'gwira malo obisika amangokhala chete, makamaka akauzidwa kuti n'chinsinsi. Masiku n'kumapita. Chonsecho mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72.

Ndikudziwa chimene akuluakulu ena adzanene pa msonkhano: "Kuwauza n'kuwaphunzitsa chiwerewere." Mawu amenewa tatopa nawo. Malangizo a maphunziro a za thupi ndi kugonana amene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro, linatulutsa mu 2018 amayambira ana a zaka 5, ndipo umboni wake ukusonyeza kuti maphunziro otere sachititsa ana kufulumira kugonana. Chiphunzitso cha mpingo cha kudzisunga sichikuchotsedwa ayi. Koma mwana adzisunga bwanji pa chinthu chimene sanauzidwe kuti n'chiyani?

Bambo wina, mlimi wakhama, mwana wake wa zaka 11 anaona magazi ali kumunda. Anabisa miyezi itatu, akuchapa nsanza usiku n'kuziyanika pansi pa bedi, akuganiza kuti Mulungu akum'langa. Bamboyo atamva anagwira mutu, nati tsiku lopalira salipyola chifukwa udzu sudikira, koma pa mwana wake anadikira.

Chochita sichovuta. Ana a zaka 5 mpaka 8 aphunzire mayina enieni a ziwalo, kukana kugwidwa, ndiponso atchule akuluakulu atatu oti angawauze zikachitika. A zaka 9 mpaka 12 amve za msambo, kutulutsa umuna kutulo ndi momwe mimba imayambira, anyamata ndi atsikana omwe. Za zibwenzi, kukakamizana ndi zithunzi za pa foni zibwere kwa okulirapo. Mphindi 30 mwezi uliwonse zimaposa tsiku lathunthu pa chaka. Makolo muwaitane poyamba aone zimene muphunzitse, m'kalasi mukhale akuluakulu awiri nthawi zonse, ndipo ikani bokosi loponyamo mafunso osalemba dzina. Mwana akaulula za nkhanza, musayambe ndi bwalo la mpingo: mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, kenako kupolisi.