Momwe mungakonzekerere nkhonya kuti mpweya usakuthereni m'njira

M'majimu a m'makomboni muno mu Lusaka, kaya ku Matero kaya ku Chawama, mupeza anyamata otha kuthamanga makilomita 10 osaima, koma akalowa mu ring'i, raundi yachiwiri isanathe manja agwa, kukamwa yasa. Anazolowera mtunda, pomwe nkhonya imayendera wotchi: mphindi 3 za moto, imodzi yopuma, belu n'kuliranso. Akazi omenya nkhonya yolipidwa, monga Catherine Phiri amene anakatenga lamba wa bungwe la nkhonya la padziko lonse la WBC ku Mexico mu 2016, maraundi awo amakhala a mphindi 2, pomwe a MMA, masewera osakaniza nkhonya, mateche ndi kugwetsana, ndi a mphindi 5. Dziwani wotchi yanu, thupi liizolowere.

Yambani kutatsala milungu 8 kuti tsiku lomenyana lifike. Milungu itatu yoyamba muzithamanga katatu pa mlungu, mphindi 30 mpaka 40, pa liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu. Lawirirani minibasi zisanadzaze utsi mumsewu, makamaka mu Okutobala pomwe dzuwa limaotcha likangotuluka. Lusaka ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,300, ndiye wochokera kuchigwa ngati ku Luangwa asadabwe akamabanika masiku oyamba.

Ntchito yeniyeni imayamba mlungu wachinayi. Pitani pabwalo la mpira, kapena kumalo a masewera a OYDC ngati ya basi ilipo. Thamangani ndi mphamvu zonse masekondi 30, tsitsani liwiro masekondi 30, mpaka raundi ikwane. Pumani mphindi imodzi yeniyeni, osati ya chibwana ija yomangirira zingwe za nsapato kawiri. Ngati mudzamenya maraundi 3, chitani 4 kapena 5. Kawiri pa mlungu n'kokwanira. Pa thumba loyeserera nkhonya chimodzimodzi: masekondi 15 nkhonya zosalekeza, 15 zopepuka uku miyendo ikuyenda, mpweya ukutuluka m'mano pa nkhonya iliyonse. Womenya atagwira mpweya amadzitopetsa yekha.

Mungadziwe bwanji kuti zikuyenda? Belu likalira ikani zala ziwiri pakhosi, werengani kugunda kwa mtima kwa masekondi 15, chulukitsani kanayi. Mphindi yopuma ikatha werenganinso, mulembe m'kabuku. Kusiyana kwa manambala awiriwo kukamakula mlungu ndi mlungu, mtima ukuphunzira kubwerera msanga. Mukaona m'mawa ukugunda mothamanga kuposa masiku onse, tulo tikuvuta, uzani akochi, mupume tsiku limenelo.

Kulumpha chingwe, kulimbitsa mimba ndi khosi, kumenya tayala ndi hamala, zonsezi zilowe kawiri pa mlungu. Kuyeserera kumenyana ndi mnzanu nakonso kawiri, mutavala chipewa ndi choteteza mano.

Kutatsala masiku 10 siyani kumenyana mwamphamvu, ndipo mlungu womaliza dulani ntchito ndi theka. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, mantha amawatuma kuwonjezera. Za sikelo yoyezera kulemera kwanu musanamenyane muziyambe kale pochepetsa nsima pang'onopang'ono, kapenta, nyemba ndi masamba zikhalepo. Ndinaonapo mnyamata atavala mapulasitiki mkati mwa jekete, akuthamanga masana n'kumalavula kuti atsike makilo awiri. Sikelo inamulola. Mawa lake raundi yoyamba isanathe mwendo unamukoka, ndipo akochi anaponya thaulo posonyeza kugonja.