Mmene mungapewere napolo wa sinowo m'mapiri a ku Scotland

Ine ndinakulira kumunsi kwa Mulanje, ndipo Sapitwa, wa mamita 3,002, ndinamukwera kangapo. Nditafika kuno ku Scotland n'kumva kuti Ben Nevis, phiri lalitali kuposa onse kuno, ndi mamita 1,345 okha, ndinati ichi n'chulu. Koma chuluchi chimapha. Mu Marichi 2019 anthu atatu anafera mu Number 5 Gully, ngalande ina ya paphiripo, sinowo atagumuka n'kuwakokolola. Eniake amati avalanche, ine ndimangoti napolo wa sinowo.

Choyamba, madzulo oti mawa mukupita, tsegulani webusayiti ya SAIS, bungwe lochenjeza za napolo wa sinowo ku Scotland. Kuyambira m'ma Disembala mpaka Epulo amalemba tsiku lililonse za madera 6: Lochaber, Glencoe, Creag Meagaidh, Torridon ndi mbali ziwiri za Cairngorms. N'zaulere. Chiopsezo amachigawa pasanu, kuyambira Low mpaka Very High, gawo lililonse ndi mtundu wake.

Chachiwiri, ndipo apa m'pamene ndinapsa: musangoona mtundu n'kutseka foni. Pali kachithunzi kozungulira kosonyeza mbali za phiri zimene zili zoopsa, komanso kuyambira pamtunda wa mamita angati. Ine ndinaona chikasu pansipo, Moderate, n'kuti zili bwino. Sindinaone kuti mbali yoyang'ana kumpoto chakum'mawa inali ya olenji, kutanthauza chiopsezo chokulirapo. Mphepo inali itawomba masiku awiri kuchokera kummwera chakumadzulo, ndipo ntchito ya mphepo n'kusesa sinowo mbali imene ikuwomba n'kukamuunjika kuseri. Wounjikidwayo amalimba pamwamba, koma pansi pake pamakhala wofewa. Zili ngati thabwa loikidwa pa shuga.

Tinali ku Cairngorms ndi mnzanga. Mbali ya mphepo inali miyala yokhayokha yoterera, ndiye ndinati tidutse kuseri, poti sinowo wa kumeneko anali wosalala bwino. Nditaponda kachisanu ndinamva pansi kuti fuu! Mng'alu unathamanga kuchokera pansapato yanga mpaka uko, chidutswa chachikulu ngati bwalo la netibolo n'kuseseleka chakumunsi kwanga. Ndinatsala pamwamba, mawondo akugundana. Ndikanaima mapazi atatu chakumunsi, bwenzi abale akusonkha ndalama yotumizira mtembo ku Chileka. Mukamva phokoso limenelo kapena kuona ming'alu, bwererani mmene munapondamo, osakambirananso.

Chachitatu, yezani kutsetsereka. Napolo ameneyu amakonda malo a madigiri 30 mpaka 45, ndipo zilipo kampasi zokhala ndi kasingano koyezera. Kumbukiraninso zimene zili pamwamba panu: mutha kuyenda pachidikha koma phiri n'kukugumukirani.

Zida: transceiver (kachipangizo kotumiza ndi kulandira siginolo kopezera munthu wokwiririka), fosholo ndi ndodo yofufuzira, aliyense zakezake. Munthu wokwiririka akapitirira mphindi 15 mwayi wake umatsika msanga, choncho womufukula ndinu, osati helikopita. Transceiver yatsopano imadutsa mapaundi 200. Ine ndinagula yakaunjika pa intaneti kwa bambo wina amene analumbira kuti ndi "yatsopano ndithu", kupeza ndi yachikale ya mlongoti umodzi, mabatire atawolera mkati. Bola kubwereka yalendi m'masitolo a ku Aviemore kapena Fort William. Maphunziro a kagwiritsidwe kake amachitika ku Glenmore Lodge, malo ophunzitsira za m'mapiri pafupi ndi Aviemore.

Zotsalazi mukuzidziwa. Pamalo okayikitsa dutsani mmodzimmodzi. Pamsonga musayandikire m'mphepete, sinowo amapanga khonde lopanda mzati. Kukafunda mwadzidzidzi kapena kukagwa mvula, tsikani. Zikavuta imbani 999, funsani apolisi, kenako mountain rescue, gulu lopulumutsa anthu m'mapiri.