Momwe mungakonzekere kuimba Haleluya ya Handel ndi kwaya ya pampingo

Khirisimasi ikamayandikira makwaya ambiri kuno ku Mangochi amalakalaka kuimba Haleluya ya Handel. N'zotheka ngakhale kwa kwaya ya anthu amene masana amakhala kusukulu, kumsika kapena kunyanja, bola muyambe mu Okutobala.

Dziwani kaye kuti Haleluya ndi kachigawo chabe ka nyimbo yaikulu yotchedwa Messiah. George Frideric Handel anailemba mu 1741 ndipo inaimbidwa koyamba ku Dublin mu 1742. Yonse imapitirira maola awiri, choncho musaikhumbire. Tengani Haleluya, ndipo ngati kwaya yanu ili ndi mphamvu onjezerani ija ya pa Yesaya 9:6 yonena za mwana amene watibadwira.

Choyamba ndi mapepala. Pezani kope limodzi la solfa lolembedwa bwino, onse afotokope pamenepo. Chenjerani ndi mapepala oyenda pa WhatsApp: ena anakopedwa pamanja ndipo mizere ina ya alto inadumphidwa. Fotokope kuboma yakwera mtengo, ndiye pepala limodzi anthu awiri palibe vuto. Musanayambe kuimba, werengerani anthu Chivumbulutso 19:6, 11:15 ndi 19:16 m'Chichewa, pakuti mawu onse a nyimboyi achokera pamenepo. Munthu akadziwa zimene akuimba, nkhope imasintha.

Kenako gawani soprano, alto, tenala ndi besi, gulu lililonse liphunzire palokha, muzikumana pamodzi kumapeto kwa sabata. Izi mukuzidziwa kale.

Pamene ndikufuna muikepo mtima ndi pa kiyi. Haleluya inalembedwa mu D. Pakati pake, pamene akutamanda Mfumu ya mafumu, asoprano amagwira noti yaitali, kenako amakwera sitepe imodzi, n'kukweranso, mpaka kukafika pa G, ndipo penanso m'nyimboyi amafika pa A wapamwamba. Kwa amayi ambiri a m'makwaya athu, A ameneyu ndiye malire. Mukangoyamba pamwamba pang'ono, palibe wofikapo.

Ife zinationekera. Kiyibodi ya pampingo inali itawonongeka, ndiye tinabwereka kwa mnyamata wina wobwereketsa zida za maukwati. Analonjeza kuibweretsa Lachisanu, koma anafika nayo tsiku lenilenilo anthu atakhala kale m'mabenchi. Usiku wake inali ku chinkhoswe, ndipo woimbayo anasiya batani la transpose, lokweza kapena kutsitsa mawu onse a kiyibodi, litakwezedwa. Woliza wathu anadina D monga mwa nthawi zonse, koma mawu otuluka anali a E. Poyamba palibe anazindikira, kungoti nyimbo inkamveka yowala. Titafika pokwera paja asoprano anayamba kugwa mmodzimmodzi, ena mawu kusweka, ena kungotsegula pakamwa. Panatsala mtsikana mmodzi yekha. Amayi amene anavutika kuyambira Okutobala anatuluka akulira, ndipo zimandiwawabe.

Choncho kiyibodi yobwereka ifike tsiku limodzi zisanachitike, ndipo ndalama yotsala musapereke isanafike. Yang'anani kuti transpose ili pa ziro. Ikani pa foni kapulogalamu ka piyano, dinani D pa foni ndi pa kiyibodi, mumve ngati zikugwirizana. Magetsi akazima n'kuyakanso, kapena mukasinthira ku jenereta, yesaninso. Ndipo ngati pa pulakatisi asoprano akuvutikabe ndi A uja, tsitsani nyimbo yonse ku C kuyambira sabata zoyambirira. Ena amati kutero n'kuchepetsa Handel. Ine ndimati kuli bwino kuimba mu C mokoma kusiyana ndi kukuwa mu D. Ingofunsani abesi ngati pansi pakufikika.

Pulakatisi yomaliza ichitikire m'tchalitchi momwe mukaimbiremo, aliyense ataima pamalo pake. Disembala ndi wa mvula, ndipo ikamagwa pa malata alto samveka, choncho aikeni kutsogolo. Posankha ola, kumbukirani kuti kuno mizikiti ili pafupi ndi matchalitchi ambiri: funsani anansi athu achisilamu nthawi ya azana kuti musaombane. Jenereta ikhale kutali ndi zenera, ndipo gwirizanani msanga ngati mafuta ali mumtengo wobwerekera jeneretayo, chifukwa ena amakutchulirani padera madzulo.

Yunifolomu perekani kwa telala Novembala asanathe. Oimba ochokera kutali ngati ku Malindi kapena ku Namwera muwapezere pogona. Madzi akumwa akhalepo ambiri, kutentha kwa kuno mukukudziwa.

Woyendetsa mwambo auze anthu kuti pa Haleluya mpingo umaimirira, komanso kuti chakumapeto kwaya imakhala chete kamphindi isanaimbe Haleluya womaliza. Asaombe m'manja pamenepo, adikire mpaka wotsogolera kwaya atatsitsa manja.